Ndowe za Bishop

Mayi Glenys Outhwaite anaphikira ana a sukulu mbatatesi ndi kabichi mpaka tsiku lopuma ntchito, moti m'tauni yathu ino ya kumpoto kwa England mulibe munthu wamkulu amene sanakalipiridwepo nawo chifukwa chosiya kabichi m'mbale. Mwamuna wawo anachoka kalekale. Kavalo ndiye anatsala, ndipo iwo ankati pa awiriwo anatsala wanzeru.

Kavaloyo dzina lake anali Bishop, nkhalamba yakhungu maso onse awiri. Ankakhala pakhola la Mayi Hilary Fawcett, pamene tonsefe opanda malo timasungitsa akavalo athu, aliyense chipinda chake koma busa limodzi ndi miseche imodzi. Kubusako Bishop ankayenda mphuno itagunda nthiti za Treacle, kavalo wamkazi wa Bambo Clifford Sugden. Treacle akaima, iyenso waima. Akapita kumadzi, iye ali pambuyo. A Sugden anali dalaivala wa basi, ndipo mawu awo onse anathera pa apaulendo. Ukawapatsa moni ankayankha ndi chipewa.

Pakholapo pali lamulo. Nyengo ikamasintha, aliyense amatola ndowe ya kavalo wake ikadali yotentha, kuika m'kabotolo n'kutumiza pa positi kwa oyeza, amene amawerenga mazira a njoka za m'mimba. Kale tinkangomwetsa mankhwala akavalo onse, koma njokazo zinawazolowera. Tsono amamwa ndi wa mazira ambiri yekha, kenako amatsekeredwa payekha kumpanda waung'ono kuseri kwa nkhokwe ya udzu mpaka adzayezedwenso. Zotsatira Mayi Fawcett amaziwerenga mokweza nthawi ya tiyi, ndipo mwini kavalo wanjoka amatafuna bisiketi ngati njokazo zili m'mimba mwake.

Bishop anapitako kamodzi kumpandako. Atasowa mnzake Treacle, nkhalambayo inathamangira waya n'kudzing'amba pachifuwa, ndipo inasiya kudya. Mayi Outhwaite anamusoketsa, nalumbira mumtima kuti zimenezo sizidzachitikanso.

Kuyambira pamenepo, tsiku lotola ndowe ankalawirira kubusa tonse tisanafike, n'kukaima kumbuyo kwa Treacle magulovesi ali kumanja, kudikira. Zikagwa ankadzaza kabotolo n'kulembapo dzina la Bishop. Nzeru yake inali yakuti awiriwo akapezeka bwino atsale limodzi, akapezeka ndi njoka apite limodzi. Ife tinkawaona patali m'chifunga n'kumati mayi ameneyu ngwakhama. Ndipo Treacle, mimba yake yolimba ngati ya mbuzi, ankapezeka bwino nthawi zonse.

Chaka chino chisanu chitatha, tinavula akavalo mabulangete, ndipo Bishop anatuluka nthiti zili pamtunda, ubweya uli nyankhalala.

"Waonda," anatero a Sugden atatsamira chipata. Anali mawu awo oyamba mwezi umenewo.

"Wakalamba. Inunso simukunenepa."

"Mazira ake ndi a Treacle amafanana nthawi zonse."

"Amadya limodzi."

"Eya," anatero a Sugden, n'kukankha wilibala yawo.

Mayi Outhwaite anachita mantha, mantha enieni. Ankadziwa kuti njoka zikumudya Bishop iwo ali kalikiliki kuyezetsa kavalo wa eni. Kugula mankhwala mobisa sikukanatheka, chifukwa wogulitsa amayamba wafunsa zotsatira, komanso ndi mlamu wake wa Mayi Fawcett. Kunena zoona kunali kumutumiza Bishop kumpanda yekha, kumene mwina sakanabwerako. Kupitiriza bodza kunali kumuyang'ana akutha ngati sopo.

Tsiku lotola litafika, Mayi Outhwaite anaima kumbuyo kwa Bishop, osati kwa Treacle. Mkuluyo anachedwa, monga amachitira okalamba. Zitagwa anadzaza kabotolo akulira, misozi osaipukuta chifukwa cha zimene zinali kumagulovesi. Akutseka, anamva wilibala ikulira kumbuyo.

"Siyani zotsalazo, ndichotsa ndine," anatero a Sugden.

"Kuyambira liti mukuchotsa ndowe za anzanu?"

A Sugden anayankha ndi chipewa.

Zotsatira zinabwera Lachisanu. Tinakhala m'chipinda cha zishalo, makapu kumanja, Mayi Fawcett atakweza magalasi pamphuno. Anayamba ndi akavalo abwino, eni ake n'kumamwetulira ngati anachitapo kanthu.

"Bishop," anatero. "Aa, Glenys, awa si mazira, ndi msika. Amwe lero, mawa apite kumpanda."

"Ndamva," anatero Mayi Outhwaite, maso ali m'kapu. Anali atagula kale mpando wopinda ndi fulasiki yaikulu, poti anatsimikiza zokakhala naye kumpandako ngakhale kugwe mvula yamatalala.

"Treacle." Mayi Fawcett anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. "Chimodzimodzi. Clifford, kavalo wanu wonenepa ngati nkhumba uja njoka akuzisunga pati?"

"M'mimba," anatero a Sugden.

"Ndiye apite onse. Mpanda ndi umodzi basi, ine sindimanga wina."

M'mawa mwake anawakokera kuseri kwa nkhokwe, Treacle patsogolo, Bishop mphuno ili panthiti pake. Analowa mumpanda osapunthwa, nayamba kudya ngati kwawo ndi komweko. Mayi Outhwaite anaima pachipata nthawi yaitali, mpando wopinda uli kukhwapa.

"A Sugden, kavalo wanu alibe njoka."

"Pepala lati ali nazo."

"Amwa mankhwala owawa popanda chifukwa, inuyo mwachita manyazi pagulu."

"Amadya limodzi," anatero a Sugden, akumanga chingwe cha chipata.

Bishop anayamba kubwerera m'thupi udzu watsopano utamera, ngakhale mpaka lero sitinganene kuti ndi wonenepa. Ulendo wotsatira Mayi Outhwaite anatola za kavalo wawo, a Sugden za wawo, aliyense atapereka msana kwa mnzake mwaulemu. Koma Lamlungu loyamba akavalo aja ali kumpanda, mayiwo anabwera kukhola ndi mbale yovundikira, muli nyama yootcha, mbatatesi ndi kabichi, n'kuiika pa wilibala ya a Sugden. Bamboyo anadya ataimirira, nabweza mbale kabichi ali momwemo. Mayi Outhwaite anayang'ana kabichiyo, anavundikira mbale osawakalipira.