Mfuti ya a Fridolin Yokana Kuyasama

Kwathu kumapiri a ku Uri, mwamuna akamaliza zaka zake za usilikali amatha kutsala ndi mfuti yake, ataikonza kuti izilira kamodzi akakoka kamodzi. Ambiri amangoiimika kuseri kwa zovala n'kuiiwala. A Fridolin Gisler sanali otero. Anayendetsa basi ya positi mpaka kupuma, koma mukanawafunsa ntchito yawo, akanakuuzani kuti ndi oyang'anira bwalo lowomberapo chandamale, udindo wosalandirapo ngakhale kapu ya khofi.

Pabwalopo panali malamulo awiri amene iwo anawakakamira pamsonkhano wa kalabu, mitsempha ya m'khosi ili njo. Loyamba linkati chipolopolo chomaliza chikatuluka, chitsulo chotsekera mfuti chizitsalira m'mbuyo, mfuti ili yasa, kuti aliyense aone kuti m'kati mulibe kanthu. Lachiwiri linkati mfuti iliyonse izikhala ndi kathumba kowakha makoko a zipolopolo, chifukwa khoko lamoto likagwera m'kolala mwa mnzako, amavina mfuti ili m'manja. Anthu amene a Fridolin anawabweza ndi malamulo amenewa akanadzaza basi yawo ija, ndipo wansembe wa parishi yathu akanakhala pampando wakutsogolo.

Tsono kutatsala pang'ono kuti chikondwerero chowombera cha pachaka chifike, mfuti ya eni malamulo inayamba mwano. Chipolopolo chomaliza chitatuluka, chotsekera chinabwerera kutsogolo n'kutseka kuti khwa.

A Severin Arnold, mlimi wa ng'ombe amene wakhala akugona pafupi nawo pamzere wowombera kuyambira unyamata, anaseka mpaka magalasi kugwa.

"Mdala, mfuti yako yatseka pakamwa. Bwenzi mwini wake akutengerako."

"Ndi fumbi chabe," anatero a Fridolin. Koma ankadziwa kuti zikatero pa tsiku la chikondwerero, adzayenera kudzithamangitsa okha mudzi wonse ukuona.

Kunyumba anayala nyuzipepala patebulo lodyera n'kuimasula mfutiyo. Nkhani yake siyovuta. Kabokosi ka zipolopolo kakatha, sipulingi yake imakankhira m'mwamba kambedza kena kam'mbali, kambedzako n'kukola chotsekera. A Fridolin anagula sipulingi yatsopano. Anabwereka kabokosi ka mlamu wawo. Anakwecha girizi yense wakale ndi mswachi, n'kupaka watsopano, kenaka poganiza kuti achulutsa anamukwechanso. Patebulopo mfuti inkachita bwinobwino. Akakoka chotsekera, chinkakodwa, mfuti ili yasa ngati mwana akudikira phala.

"Bambo a Regula, mbatata zikuzizira," anatero akazi awo a Hedwig, poto wa tchizi ali m'manja. "Kodi tidyere pansi?"

"Dikirani mayi, ndikufufuza."

"Mukufufuza chiyani, poti ikugwira ntchito?"

"Vuto lake ndi lomwelo!"

Kubwalo, mwano unali womwewo. Anthu anayamba kupereka nzeru zosafunsidwa. Wina anati ndi kuzizira, wina anati ndi zipolopolo za masiku ano, a Severin anati mfuti imakalamba pamodzi ndi mwini wake ndipo zonse ziwiri zikapachikidwe pakhoma. A Fridolin anaonda. Ngakhale kathumba katsopano kamene a Hedwig anawasokera ndi nsalu ya jekete lawo lakale la ku positi sikankawasangalatsa, ngakhale anzawo ankakasirira.

Tsiku la chikondwerero linafika. Kunja soseji zinali pamoto, oimba malipenga akuyesa mawu. Monga mwa mwambo, gulu loyamba linayamba ndi kuyesa mfuti. A Fridolin anagona chafufumimba, anawombera, ndipo chomaliza chitatuluka anamva khwa uja. Nkhope itagwa, anayang'ana pansi m'malo moyang'ana chandamale, ndipo ndi pomwe anaona. Lamba womangira kathumba kaja anali atazungulira mfuti n'kudutsa pamwamba penipeni pa kambedza, atakapanikiza zolimba. Kunyumba sankamangapo kathumba, poti patebulo sipauluka makoko.

Anavula kathumbako n'kuyesa. Mfuti inati yasa.

Chimwemwe chawo sichinakhalitse. Popanda kathumba, lamulo lachiwiri linali likuwadikira. Lambayo sankasunthika, chifukwa a Hedwig sasoka zoti zidzamasuke, ndipo kumudula kunali kutaya kathumba konse.

"Aa, zisiyeni a Fridolin, ndi lero lokha," anatero mlembi wa kalabu. Kumbuyo kwake kunali wansembe uja, soseji ili m'manja, akumwetulira ngati munthu amene pemphero lake layankhidwa.

A Fridolin anadzuka, anasasa mawondo, n'kudziuza okha ndi mawu awo a ntchito.

"Gisler, mfuti yako sikukwanira. Tuluka pamzere."

Zinali zoseketsa, komabe ambirife tinamva chisoni. Chibadwire mkuluyo anali asanaphonyepo chikondwererochi.

A Severin anatsonya, n'kumasula kathumba kawo kakuda ndi mafuta, kokhala ndi lamba wosunthika.

"Tenga iwe, usatilirire pano. Ine ndiwombera ndi gulu lachiwiri. Koma undibwezere, ndikudziwa kuti anthu a ku positi mumasocheretsa katundu."

A Fridolin anakamanga lamba ali kutali ndi kambedza, n'kugonanso. Kuwombera kwa tsiku limenelo sitidzakuiwala. Munthu amene ankalasa pakati pa chandamale zaka zonsezi anangomwaza zipolopolo m'phiri, chifukwa maganizo onse anali pa chomaliza. Ena ali pakati, iwo anali atamaliza kale.

Chotsekera chinatsalira m'mbuyo.

Anadzuka, anazungulira n'kukaima kumbuyo kwa malo awo omwe, anawerama n'kusuzumira m'mfutimo nthawi yaitali monga amachitira ndi za anthu ena. Wolengeza anawerenga mapointi awo, otsika kuposa a wina aliyense m'mudzi, koma iwo sanatembenuke n'komwe.

"Mfuti ilibe kanthu," analengeza mokweza, misozi ili lengelenge. "Gisler, ukhoza kudzuka."