Mzere Wachinayi pa Manda a Mailesi

Pa 14 Ogasiti 2023, atavundukula chiliza cha mayi Mailesi ku Midzemba, a Zefaniya, amuna a malemuwo, anapeza kuti ndakatulo imene analemba yawonjezeredwa mawu.

A Zefaniya anaphunzitsa Chichewa kupulayimale mpaka kupuma. Ana ankawadziwa ndi chizolowezi chimodzi: mwana akamalakatula, iwo ankagogoda desiki ndi chala, kuwerenga maphatikizo. Mzere ukapitirira, chala chinkaima, mwanayo nayenso ankaima. Mailesi sankawerenga. Ankalima mbatata kumtunda, ndipo amuna awo akamayesa mizere pakhonde, ankangoti, "Aphunzitsi, mbuzi zalowa m'dimba."

Ndakatulo ya pamwalayo anailemba motere:

Munalima munda wa miyala,
Minga inakulasani zala,
Ana sanagonepo ndi njala.
Khasu latsala.

Mizere itatu yoyamba ili ndi maphatikizo khumikhumi, ndipo yonse inayi imathera mofanana. Wachinayi anaudula pakati mwadala, chifukwa Mailesi anagwa m'munda mzere wa mbatata asanaumalize. Wowerenga amayenera kufika pamenepo mpweya ukadalipo, mawu n'kumuthera.

Pamwala panalembedwa kuti, "Khasu latsala mu mtendere."

Mwana wawo Dickson, amene anapititsa pepala la ndakatuloyo kwa wosema miyala ku Zalewa, anati, "Bambo, manda onse amatero. Komanso mzerewo unkaoneka wopunduka."

"Ndiwe unawonjezera?"

"Ine ndinangopereka pepala basi."

Wosemayo, Lameki, anayankha pafoni kuti, "Madala, ine ndimasema zimene ndapatsidwa. Koma mwaona mmene yakwanirana? Ngati njerwa."

"Ndaona. Khumi ndendende. Ndiye kuti amene anachita izi amadziwa kuwerenga maphatikizo, ndipo mwina ndinamuphunzitsa ndine."

Abusa anawalangiza kuti mwala sufufutika ngati bolodi, angovomera. A Zefaniya sanavomere. Pofuna kufafaniza mawu awiriwo pafunika kuti banja ligwirizane, koma banja likuti mtendere sauchotsa pamanda. Chiyambire tsikulo a Zefaniya sanapondeko kumandako. Amati amene akuusa mu mtendere kumeneko ndi khasu, ndipo iwo sanakwatire khasu.

Dickson amabwera ndi shuga mwezi ukatha, n'kukhala pakhonde. Bambo ake amalandira shugayo, kenaka amafunsa funso lomwe lija: pakati pa iwe ndi Lameki, anadzaza mzere wanga ndani? Mmodzi ayankhe.