Mapaundi Atatu a Amalume

Ku koleji ndinakhalako miyezi isanu ndi iwiri. Ine ndi masamu tinasiyana mwamtendere, popanda ankhoswe. Ndiye amalume atandisankha kukhala mkulu wa zowerengera m'timu yawo ya mpikisano wa magalimoto, ndinaona kuti dziko layamba kundizindikira. Timuyo inali ya anthu awiri.

Amalume, achimwene awo a mayi anga, anali makanika ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja kumene tinkakhala. Kuseri kwa galaja ankasungako galimoto ya m'ma 1960, yotukula mphuno ngati mbuzi yofuna masamba a m'mwamba. Anaikonza zaka zinayi. Mpikisano wake ndi wa magalimoto akale okhaokha: awiri amaima pamzere, getsi likayaka amathamanga molunjika, ndipo zonse zimatha usanamalize kuyasamula.

Koma sathamanga chisawawa ayi. Amatenga kulemera kwa galimoto, woyendetsa ali momwemo, n'kugawa ndi kukula kwa injini. Yankho lake ndilo limakupatsa gulu. Yopepuka koma ya injini yaikulu imapita ku A, kwa zilombo. Ife tinali a C. Nzeru yonse ndi kupepuka mpaka pamalire a gulu lako, osawadumpha, chifukwa ukapambana amakukweza pasikelo, ndipo ukapezeka wopepuka kwambiri chikho chimapita kwa mnzako.

Mu Julaye ndinachita masamu. Tinachotsa mpando wakumbuyo, kapeti, ndipo ine ndinaumirira kuti wailesi ichokenso. Ndinawayeza amalume pasikelo ya kubafa atangodya nkhomaliro, n'kulengeza kuti tili bwinobwino m'gulu C. Chimene sindinachiike m'masamu ndi kalendala. Mpikisano unali kumapeto kwa Sepitembala wa 2008, ndipo Ramadhani, nyengo yathu yosala kudya ndi kumwa masana, inatenga mwezi wonsewo. Ine ndinkafunga mwa apo ndi apo, monga ndinkapitira ku koleji, koma amalume sankaphonya tsiku. Lamba wawo anasuntha mabowo awiri. Ndinaona ndithu, ndipo ndinawayamikira kuti abwerera unyamata.

Tsikulo tinadutsa Oakville m'mawa, galimoto ili pangolo, mpaka kubwalo la kuminda. Amalume anapambana katatu. Ulendo womaliza anakumana ndi mzungu wina wandevu zoyera, amene anayamba zimenezi ine ndisanabadwe, ndipo anamusiya m'mbuyo pang'ono chabe. Ndinakuwa mpaka mawu anatha.

Pasikelo tinaperewera mapaundi atatu.

Mkulu woyeza anayang'ana nambala, anayang'ana amalume, n'kuvula magalasi. Anati sikeloyo nthawi zina imanama, choncho akukamwa khofi ndipo akabwera tiyesanso. Atangochoka, wandevu uja anabwera yekha ndi botolo lalikulu la madzi, n'kuwapatsira amalume pawindo.

"Amalume, imwani," ndinatero. "Malita awiri okha, nkhani yatha."

"Dzuwa ukuliona?"

"Koma apaulendo amaloledwa kumasula."

"Ulendo wa masekondi khumi ndi awiri? Iwe, ku koleji kuja unachoka wekha kapena anachita kukupempha?"

Ndinati ndiye ndilowetse sipanala ziwiri pansi pa mpando.

"Ndibe ndili pa swaumu? Chotsa dzanja."

Anandipatsira botolo lija kuti ndiliike kutali ndi sikelo, n'kutsala manja ali pachiwongolero, milomo itauma gwa. Woyeza anachedwa dala, koma dzuwa la masana silimva za khofi. Nambala inabwera yomweyo. Anailemba pang'onopang'ono, ngati akusayina kalata ya maliro. Wandevu analandira chikho osachikweza, anangochipanira m'khwapa.

Tinanyamuka ulendo wobwerera. Dzuwa litalowa tinaima pamalo omwetsera mafuta. Amalume anapemphera, anadya chipatso chimodzi cha tende, n'kumwa botolo lija lonse osapumira. Kenako anasisita galimoto yawo pamphuno.

"Mkulu wa zowerengera, lemba. Tsopano tili m'gulu C."

Ndinalemba. Mawa lake ndinapita ndekha kugalaja, n'kuika wailesi ija pasikelo ya kubafa. Mapaundi anayi. Ndinaibwezeretsa m'galimoto mwakachetechete, ndipo amalume atayiona anangoyatsa, n'kuyamba kufunafuna siteshoni.