Ndinapita Kukaphunzitsa, Ndinakakhala Chitsa

Tinanyamuka pa Mzimba boma Lachisanu cha m'ma seveni koloko, ngakhale tinapangana faifi. Tinalipo achinyamata a mpingo khumi ndi anayi, ambiri ana a apolisi, anamwino ndi aphunzitsi amene ntchito inawaponya kuno. Ine ndine Kamwendo, telala wa pakhonde, kwathu ku Dedza, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. M'gulu la achinyamata ndikadalimo chifukwa kumpingo kwathu munthu amatulukamo akakwatira, ndipo sanapezeke mayi wondimvera chisoni.

Aliyense anasonkha K15,000 ya lole. Pansi tinayala malata makumi awiri, pamwamba pake matumba a ufa wa phala, pamwamba pa matumbawo ife. Malatawo anali a sukulu ya mkaka ya m'mudzi wina kuseri kwa Embangweni, kumene ana ankaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, mitambo ya mvula itayamba kale kusonkhana. Ine ndinanyamulanso buku. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma mabuku a pa kaunjika ndimawameza, ngakhale othothoka chikuto. Ili linali la kayanjanitsidwe ka anthu, ndipo mfundo yake inali imodzi: anthu akhale pansi, ayang'anane m'maso.

Titalowa mu M1 tinatsatana ndi malole a matabwa ochokera ku Chikangawa, oyenda ngati akupita kumaliro. Pa Jenda tinafika cha m'ma teni. Wapolisi anasuzumira m'lolemo, maso ake n'kuima pa dazi langa.

"Awa ndiye abusa?"

"Ayi bwana," anayankha Chisomo, namwino amene ndi wapampando wathu. "Ameneyo ndi wachinyamata wathu woyamba kubadwa. Tikungomusunga."

Tinadya tchipisi cha pa chiwaya cha K1,500 mbale, n'kukhotera msewu wa ku Embangweni. Pofika m'mudzimo, cha m'ma wani, fumbi linali litatisandutsa mtundu umodzi. Moni wake anali wa mmodzimmodzi, munthu aliyense kwa mlendo aliyense, mpaka mawu a Chitumbuka othokoza akuti "yewo" anandikhazikika pakamwa.

Anatilandira a NyaShaba, mayi amene amaphunzitsa anawo mongodzipereka. Anatitengera kukaona sukulu. Tinapeza mulu wa dothi.

"Makoma anagwa na vula ya chaka chatha," anatero m'Chichewa chawo chosakaniza. "Nyumba ya njerwa iliko imodzi, shedi ya fodya ya adada a Ngwira. Fodya analeka. Denga ilibe, mukugona mbuzi."

Chisomo anakanda m'mutu. Akulu a mpingo anatiuza kuti malata akapanda kukhomedwa abwerere, ndipo Lamulungu sitigwira hamala. Tinali ndi Loweruka lokha.

"Mwawapempha a Ngwirawo?" ndinafunsa.

"Ndingawapemphe bwanji? Ndi apongozi anga, adada awo a amuna anga. Amuna anga ali ku Joni, amama anamwalira. Mawu anga anyamule ndani?"

Apa ndinakumbukira buku langa lija. Chaputala 3 yeniyeni.

Cha m'ma folo, anzanga akuwenga ana zikhadabo ndi kuwaphunzitsa nyimbo, ine ndinabwereka mipando iwiri ya m'tchalitchi n'kuiika moyang'anana. Ndinakatenga a Ngwira, mkulu wamtali wa chipewa ndi ndodo, n'kuwakhazika. Kenako ndinaitana a NyaShaba, ati pali kanthu koti aone. Atangotulukira pakona n'kuona amene wakhala pampandopo, anagwada pomwepo, n'kubwerera chafutambuyo mpaka kuseri kwa nkhokwe. A Ngwira anaimirira, anasasa chipewa, anandiyang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato, n'kumapita.

"Kwanu ku Dedza mkamwini sawathawa apongozi ake?" anandinong'oneza Chisomo.

"Amawathawa."

"Nanga?"

"Ine sindinakhalepo ndi owathawa."

"Malata akabwerera, mukawasenza pamutu mpaka ku boma."

Madzulo amenewo ndinakhala pansi kusoka pamanja timakabudula tong'ambika ta ana. Pamenepo pokha palibe anandidzudzula.

Loweruka m'mawa, tikumwa tiyi ndi mbatata, a NyaShaba anandipeza.

"A telala, mwaononga ndinu, mukonzenso ndinu. Tiyeni."

"Ndikanene chiyani? Chitumbuka changa chimathera pa moni."

"Musakanene kanthu. Mukangoima. Munthu akasiya kuyankhula, muziti yewo, mbwenu."

Anandiimika pakati pa bwalo la a Ngwira, padzuwa. Mkuluyo anali pakhonde akusema mpini. A NyaShaba anakagwada kuseri kwa khitchini, pamene ine ndinkawaona koma apongozi awo ayi. Atatero anayamba kuyankhula ndi ine, m'Chitumbuka, ndi mawu oti ngakhale mbuzi za mu shedi zimve. Ananditchula dzina kawiri. Atasiya ndinati, "Yewo."

A Ngwira anaika kasemasema pansi. Nawonso anayamba kuyankhula ndi ine. Anandiloza ndi mpini, analoza shedi, analoza kumwamba, anabwereranso kwa ine. Mawu anakwera. Thukuta linayamba kutsika padazi. Ndinaganiza zopepesa, ndinaganiza zotchula mfundo ya m'buku, koma ndinakumbukira malata makumi awiri pamutu panga.

"Yewo, adada," ndinatero.

Zinapitirira choncho pafupifupi ola lathunthu. Khosi langa linkangotembenuka, kukhitchini, kukhonde, kukhitchini. Nkhuku ina inadzandijompha chala n'kuchoka itakhumudwa. Pomaliza mkuluyo anaseka pang'ono, n'kunena mawu amene ngakhale ine ndinawamva: "Mbwenu khomani."

Anatipatsanso mitengo ya bulugamu ya m'munda mwawo. Mbuzi tinazisamutsa, atsikana anakolopa, anyamata anakwera pamwamba ndi kalipentala wa m'mudzimo. Lata lomaliza linakhomedwa dzuwa likulowa.

Pambuyo pake ndinawafunsa a NyaShaba chimene mkuluyo ankandikalipira.

"Amati chaka chonse akhala akudikira kuti wina awapemphe. Iwo sakanayamba okha kupatsa mkamwana nyumba mwana wawo kulibe, anthu akanayankhula. Ndiye amakufunsani kuti munali kuti masiku onsewa."

"Zokhazo?"

"Zinazo zinali za mipando yanu ija. Zimenezo zisiyeni."

Lamulungu tinapempherera mu shedimo, fungo la mbuzi lisanatheretu, ana atadzaza mpaka pakhomo. Tikukwera lole cha m'ma thu, a Ngwira anabwera ndi tambala womanga miyendo n'kundipatsa m'manja. Anayankhula mawu angapo, mnyamata wathu wina wodziwa Chitumbuka n'kumasulira, akudziluma milomo.

"Akuti alendo a mpingo abwera ambiri kuno, onse odziwa kuyankhula. Koma munthu womvetsa zinthu ngati inu sanamuonepo."

Tinalowa pa boma cha m'ma sikisi, tambala ali pamiyendo panga, buku lili pansi pa thumba. M'njira monse ndinkaganiza kuti anthu awiri aja ankafuna chinthu chimodzi chaka chonse, ndipo chimene chinkasowa si nzeru ayi, koma munthu woima pakati osawonjezerapo zake. Lipoti la kumpingo Chisomo analemba kuti, "A Kamwendo anatsogolera zokambirana." Sindinamutsutse. Ndinangoti yewo.