Anachapa chipewa cha Yamikani

Ndinawauza katatu konse kuti asachichape. Achapa.

Amalawi anzanga a kuno, mukudziwa shopu yochapa ndi kusoka zovala ija ya ku Springfield, pafupi ndi msika waukulu. Imvani zimene andichita.

Mwana wathu Yamikani anatisiya chaka chatha ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Thupi tinakaliika kumudzi ku Ntcheu, zovala tinagawira abale ake. Amake anangosunga chipewa chimodzi.

Chipewacho n'cha besibolo, chakale, cha ubweya. Ndikaweruka ku embase, ku ofesi ya kazembe komwe ndimayendetsa galimoto, ndinkapita naye kukaonera timu yaing'ono ya kuno ku Virginia, ya anyamata amene sanafike ku ligi yaikulu. Ine masewerawa sindiwamva mpaka lero. Iye ndiye ankandimasulira, ine ndikafunsa m'Chichewa iye n'kumayankha m'Chingerezi. Tsiku lina nkhalamba ina yosesa pabwalopo, imene inasewerako besibolo isanamere imvi, inavula chipewa chake n'kumuveka. Kuyambira pamenepo chipewa sichinachoke m'mutu. Kusukulu nacho, kuchipatala nacho. Kutchalitchi kokha ndiye tinkachita kulimbana.

Kakhonde ka kutsogolo kwa chipewacho kanayamba kusosoka ulusi. Lachiwiri m'mawa amake anachikulunga m'mpango n'kundipatsa. "Akangosoka pokhapa. Madzi asachikhudze, mwamva abambo ake?"

Pashopupo ndinapeza mtsikana akutafuna chingamu. Ndinamuonetsa posoka. Ndinamuuza kuti asachape. Anati wamva. Ndinabwereza. Anati wamva. Ndinafotokoza kuti mwini wake anamwalira. Anati pepani, maso ali pa wailesi yakanema.

Lachisanu nthawi ya 4 koloko ndinapita kukatenga. Anandipatsa m'pulasitiki. Ndinatsegula. Chipewa chafota, chokwana mwana wa miyezi. Kakhonde kaja, poti m'kati mwake munali katoni, kafumbutuka ngati buledi wogwera m'tiyi. Mzere wa thukuta lake umene unali m'kati wachoka. Chikununkha mankhwala okhaokha. Ndipo ulusi uja sanasoke n'komwe.

Ndinafunsa kuti wachapa ndani. Mtsikanayo anati chinali chakuda kwambiri, ndiye anzake kumbuyo anangoti achiponye m'makina limodzi ndi zina. Akuti sandilipiritsa, andichapira ulere. Ndithokozetu? Ndiombe m'manja?

Ndinaitanitsa mwini shopu. Anatuluka akupukuta pakamwa, anachitembenuza ndi zala ziwiri, n'kunena kuti zipewa zakale zimatero, aliyense amadziwa. Ngati aliyense amadziwa, inu amene ntchito yanu ndi yomweyi munaiwala bwanji? Kenako anati ndikagule china kubwalo la timuyo, andibwezera ndalama. Ndinamuuza kuti timuyo inasamuka, pabwalopo pamera udzu. Anakweza mapewa. Anati, "Bambo, ndi chipewa chabe."

Sindinatukwane. Ndinangotenga chipewacho n'kutuluka. Ndinalowa m'galimoto n'kunyamuka.

Kunyumba amake anandichingamira pakhomo. Sanayang'ane n'komwe kufota kwake. Anachitenga, n'kuchiika pamphuno, monga ankachitira m'mawa uliwonse asanapite kukhitchini. Ananunkhiza m'kati, ananunkhiza m'mbali, anachitembenuza n'kununkhizanso. Kenako anandibwezera.

"Mulibemo," anatero.

Sanalire. Bola akanalira. Analowa kuchipinda, ndipo kuyambira tsiku limenelo chipewacho chili pa filiji, palibe amachikhudza.

Mtima ukundiwawa, abale anga, ndipo ndakwiya. Ndalama zawo sindikuzifuna. Ndikungofuna munthu mmodzi wa pashopupo andiuze chimene chinali chovuta pa mawu akuti musachape. Inu, ngati muli ndi kanthu ka malemu kong'ambika, musapite nako kumeneko. Kasiyeni kong'ambika komweko. Ife mwana wathu tamuika m'manda kawiri, ndipo kachiwirika anatichitira ulere.