Tsiku limene ndinawolotsa ana pa linthumbu

Mwana wanga wamkazi anatuluka pageti la sukulu maso atatupa. Titafika kunyumba kwathu ku Barking, kuno kudziko la azungu, ndikumuvula jekete, anandiuza m'Chingerezi monga amachitira kuti anzake akumunena wabodza. Kalasi yawo inkaphunzira za nkhalango zowirira za mvula yambiri. Iye anakweza mkono n'kunena kuti mayi ake anabadwira m'nkhalango yotero. Mnyamata wina anaseka, akuti m'menemo mumakhala anyani ndi njoka basi, anthu ayi. Ena anaseka naye.

"Aphunzitsi akuti mubwere Lachisanu, Mami, mudzawauze nokha."

Ndinakhala pansi jekete ili m'manja. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Kusitolo ndimapita pa makina odzilipirira kuti ndisayankhule ndi munthu. Ngakhale kutchalitchi, komwe ambiri timamvana chinenero, ndimakhala kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Koma mwanayo sananame. Ndinabadwira m'kamudzi ka nyumba zowerengeka kuseri kwa phiri la Mulanje, chakumalire. Galimoto siinkafika. Mitengo inali yaitali moti dzuwa linkafika pabwalo mochedwa n'kuchokanso msanga. Zovala sizinkauma panja, tinkaziyanika pamwamba pa moto, ndiye tonse tinkanunkha utsi. Mchere unkasungunuka wokha m'chitini. Machesi amayi ankawasunga m'botolo lotseka. Sukulu inali kutsidya la mtsinje, ndipo madzi akadzaza tinkakhala kunyumba mpaka aphwe. Chaka china ndinajomba kwambiri, anzanga anandipitirira, manyazi anandigwira, sindinabwererenso.

Madzulo ndinawafotokozera bambo ake a mwana. Iwo amayendetsa basi kuno, ndipo anakulira m'tauni ku Lilongwe.

"Ndipite ine," anatero. "Ndikawauza mmene ndinagwirira nyalugwe pakhosi."

"Inuyo amene mumandiitana mukaona kangaude kubafa?"

Anaseka, kenako anatenga foni n'kundipezera ziganizo za Chingerezi zonena za mitengo, mvula ndi mbalame. Ndinaziloweza ndikutsuka mbale, ndikuyamwitsa mwana wathu wamng'ono, ndikusita. Pofika Lachinayi ndinkazinena osapunthwa, ngakhale zina sindinkadziwa tanthauzo lake.

Lachisanu ndinabereka wamng'onoyo kumbuyo n'kupita. Ana anakhala pansi pa kapeti. Pakhoma panali zithunzi za mbalame za milomo ikuluikulu zimene sindinazionepo chibadwire. Aphunzitsi, mayi wachizungu wa mawu ofatsa, anandilandira n'kundiimika kutsogolo.

Ndinanena chiganizo choyamba. Chachiwiri chinathawa. Ndinachisaka m'mutu monse, osachipeza, ndipo zotsatira zonse zinapita nacho. Ndinayang'ana mwana wanga, iye anali atazyolika, akukanda nsapato yake ndi chala.

Aphunzitsi anandithandiza pofunsa ngati pali wina ali ndi funso. Mnyamata wa tsitsi lofiirira anakweza mkono, ndipo mmene mwana wanga anamuyang'anira ndinadziwa kuti ndi yemwe uja. Funso lake ndinalimva bwino. Ankafuna kudziwa chilombo choopsa kwambiri kumeneko, ngati ndinakhalakodi.

"Linthumbu," ndinayankha, osaganiza n'komwe za chinenero.

Mwana wanga anadzutsa mutu. Mawuwo anali asanawamvepo. Ndinamuuza m'Chichewa kuti ndi nyerere zofiira zoluma, ndipo iye anauza anzake m'Chingerezi. Kalasi yonse inaseka. Nyerere?

Kusekako kunandipsetsa mtima, ndipo manyazi anachepa. Aliyense wa kwathu amadziwa kuti linthumbu si loseka nalo.

"Auze zonse zimene ndinene," ndinamuuza mwana wanga. "Usasiyeko."

Anaimirira pambali panga. Ndinayamba kufotokoza. Mvula ikagwa, linthumbu limatuluka m'nkhalango pamzere wake, wotambalala ngati chikhatho, wopanda poyambira ndi pothera. Likalowa m'khola, nkhuku yofungatira mazira imatsala mafupa ndi nthenga. Likalunjika kunyumba, choyamba kunyamula ndi khanda, katundu pambuyo. Kenako mumawaza phulusa lamoto kuzungulira khola ndi pakhomo kuti mzere ukhote. Likakana, mumalisiyira nyumba n'kukakhala kwa anansi. Pobwerera mumapeza mphemvu zonse zatha.

Mwana wanga ankamasulira mofulumira, mwina kuposa mmene ndinkayankhulira. Mawu amodzi okha anamuvuta, phulusa, ndipo ndinamukumbutsa za zotsalira pa mbaula ikazima. Ana anasiya kuseka. Mnyamata uja anafunsanso, akuti nanga mzerewo ukadutsa panjira yako umatani?

Pakona ndinaona chingwe chodumphira. Ndinachitenga n'kuchiyala pakati pa kalasi. Ndinavula nsapato, ndinamangitsa chitenje cha mwana kumbuyo.

Ndinawauza kuti mlendo amalakwitsa chinthu chimodzi, amaima kuti aone. Akaima pafupi, nyererezo zimamukwera mwakachetechete, iye osamva kanthu, mpaka zifike m'chiuno ndi m'khwapa, kenako zimayamba kuluma. Ndinawasimbira za wogula nanazi wina wochokera kuboma amene anaima kuti ajambule mzerewo. Anavula buluku pamaso pa amayi onse a m'mudzi, n'kuthamangira kumtsinje nsapato zili m'manja. Mwana wanga anavutika kumaliza kumasulira chifukwa cha phwete.

Ndiye ndinawaonetsa. Umakwinya chovala m'mwamba, umafika ukuponda mwamphamvu, umadumpha, ukatsika umapitiriza kuponda mpaka patali kuti zokwera zigwe. Kumeneko ndiye umaima n'kudzithothola. Ndinachita zonsezo wamng'ono akugwedezeka kumbuyo, akuseka.

Ana onse anaimirira osauzidwa. Ndinawaika pamzere n'kuima pafupi ndi chingwe. Aliyense ankabwera akuponda, kudumpha, kupondanso. Amene wazengereza ndinkamuloza n'kunena kuti walumidwa, ndipo ankabwerera kumbuyo kukayambiranso. Posakhalitsa ana ankanena okha mawuwo, "walumidwa", m'kamwa mwawo mwa Chingerezi. Aphunzitsi nawonso analowa pamzere. Atafika pachingwe anaima kuti akweze siketi bwinobwino.

"Aphunzitsi alumidwa," ndinatero. "Kwambiri."

Izi mwana wanga sanafunike kumasulira. Phokoso lake linachititsa aphunzitsi a kalasi yoyandikana kusuzumira pakhomo. Ataona zimene zinkachitika anandifunsa ngati ndingabwerenso sabata yotsatira kwa ana awo. Ndinamva pakamwa panga pakuvomera m'Chingerezi, mawu omveka bwino.

Ndikuvala nsapato, mnyamata uja anapita kwa mwana wanga, tsitsi litanyowa ndi thukuta. Anamufunsa ngati kumudziko kukadali anthu. Mwana wanga anayang'ana kwa ine, ndinagwedeza mutu movomereza. Anamuuza kuti agogo ake ali komweko, ndi amalume ake, ndipo tsiku lina adzapitako. Ana ena anamuzungulira kuti amve. Ataona kuti onse akumumvetsera, anawonjezera kuti linthumbu la kwathu linadyapo njovu yathunthu.

"Iwe," ndinamuitana m'Chichewa. "Ndinati nkhuku."

Anandiyang'ana, anayang'ananso anzake. Kenako anawauza kuti inali nkhuku, koma yaikulu kwambiri. Mnyamata uja anavomereza ndi mutu.