Tsiku Limene Amalume Anabwera Kudzanditenga

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anakwatiranso, patapita zaka ziwiri chimwalirire amayi. Tinkakhala ku Chinsapo, ine ndili Sitandade 4. Mkazi watsopanoyo anali a Nabanda, munthu wofatsa wa ku Ntcheu. Asanamasule n'komwe katundu wawo, ine ndinali nditawaweruza kale, chifukwa azimayi otunga madzi pampopi ankandisisita mutu n'kumati, "Kalanga mwana iwe, uziona ndi mayi wokupezayo!"

Kuyambira pamenepo maso anga ankangotola zogwirizana ndi mawu amenewo. Akandidzutsa m'mamawa, ndinkati nkhanza. Akandiletsa kudya kwa aneba, ndinkati akufuna ndife ndi njala. Akandipatsa ntchafu ya nkhuku, ndinkati akudzionetsera kwa bambo. Panalibe chimene akanachita n'kupambana mlandu. Tsiku limene anandimeta mpala ndinalira mpaka mawu kusasa, ndipo ndinatuma mayi wina wa kwathu, wogulitsa kachewere mumsika, kuti akauze amalume ku Dedza adzanditenge.

Amalume, amene pamwambo wathu ndiwo eni mbumba, anafika Loweruka, ine nditalongedza kale chikwama. Anakhala pakhonde n'kundimvetsera mpaka ndinamaliza. A Nabanda anali pamkeka, atawerama.

"Wandiuza zoipa zokhazokha, Tamanda," anatero amalume. "Nanga muja unadwala malungo m'dzinja, anakubereka ndani kupita kuchipatala?"

Nkhani imeneyo ndinali ndisanaitchule n'komwe. Sikuti ndinkabisa ayi, ndinali nditaiwaliratu! Kenaka zonse zinabwerera: fungo la sopo pachitenje cha a Nabanda, mvula ikuwaza, iwo akuterereka m'matope, akupuma mwawefuwefu, chimtsikana chonse ine ndili kumsana. Ndinachita manyazi kwambiri.

"Nanga tsitsi langa?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Unali ndi chipere kunkhongo, mwanangu," anayankha a Nabanda. "Ndinaopa kuti ndikakuuza, uziopa kupita kusukulu."

Amalume anandiyang'ana. "Tizipita?"

Ndinanyamula chikwama chija n'kukachibweza kuchipinda ndekha. A Nabanda anangotembenukira kukhoma n'kupukuta m'maso.

Lero ndikudziwa kuti mtima ukagamula mlandu msanga, maso amangosaka mboni zouikira kumbuyo, zotsutsa n'kumazitaya, mwini wake osazindikira. Ndimadzigwirabe ndikuchita zomwezi kuntchito, ngakhale kwa mwamuna wanga. Koma chimene chimandiopsa mpaka pano n'chakuti ndinangotsala pang'ono kukwera basi ya ku Dedza, n'kusiya munthu amene ana anga amamuthamangira lero, akufuula kuti, "Agogo abwera!"